Ntchito Ikaoneka pa Malosa, Aitanidwa Ndani?

Munthu wochoka ku Zomba pa msewu wa ku Liwonde, akapitirira msika wa Songani nawoloka mtsinje wa Domasi, phiri lili ku dzanja lake lamanzere, posakhalitsa afika pa Malosa, malo amene, ngakhale ali pakati pa midzi ya alimi a chimanga ndi nandolo, akhala akulemba anthu ntchito ya pamwezi kwa mibadwo ingapo tsopano. Pamenepa pali chipatala cha St Luke's chimene mpingo wa Anglican udatsegula mu 1964, pali sukulu yake yosula anamwino ndi azamba, pali sekondale ya Malosa, malo a maphunziro ndi misonkhano a Chilema, ndi likulu la Dayosizi ya Upper Shire. Ndipo tikabwerera m'mbuyo pang'ono ku Domasi tipezako koleji ya aphunzitsi, bungwe lokonza maphunziro la Malawi Institute of Education, ndi ndende ya boma. Tikaziwerenga nyumba zimenezi zioneka ngati zambiri. Koma tikawerenganso anyamata ndi atsikana amene alemba mayeso a Fomu 4 chaka ndi chaka m'dziko la Mfumu Malemia, pamodzi ndi akulu awo amene adalemba kale nangokhala pakhomo, tiona kuti makomo ndi owerengeka, ogogoda ndiwo khamu.

Nchifukwa chake mpata umodzi ukaoneka, kaya ndi wa ulonda, wa ukalaliki kapena woyendetsa ambulansi, mbiri yake ifika kumidzi dzuwa lisanalowe, ndipo munthu amene wapatsidwa udindo wosankha sagonanso tulo tabwino. Kuno si ku Blantyre kumene wofunsira ntchito angokhala dzina lolembedwa pa pepala. Kuno wofunsirayo ndi mwana wa mkulu wa mpingo, ndi mphwake wa mlamu wako, ndi mdzukulu wa mayi uja adaphika pa maliro a bambo ako. Kudziwana kumeneku ndiko chuma cha chigwa chino, ndipo ine sindili m'gulu la iwo amene akunyoza. Koma ndiko komwenso kumene kuononga kalembedwe ka ntchito kukaikidwa pa malo osayenera. Malo ake ndi kumapeto, pamene tifuna umboni wa khalidwe la munthu amene wapambana kale pa mayeso. Kukaikidwa poyambirira, kuti kukhale ndiko kotsegulira khomo, ntchito ya anthu onse isanduka cholowa cha mabanja ochepa.

Makolo athu a m'chigwa muno adaona njira ziwiri zolembera anthu, zosiyana kutalitali. Pamene Alexander Hetherwick adakhazikitsa mishoni ya mpingo wa ku Scotland pa Domasi mu 1884, ndi pambuyo pake pamene amishoni a UMCA adakhazikika cha ku Likwenu ndi Malosa, mphunzitsi sankamupeza polengeza m'nyuzipepala ayi. Mnyamata ankakulira pamaso pawo, namuona m'kalasi, m'munda ndi m'tchalitchi zaka zambiri, ndipo pomutuma ku sukulu ya kumudzi ankadziwa mawerengedwe ake, ukali wake, ngakhale nyumba imene adakwatiramo. Sukulu ya Jeanes imene boma lidatsegula ku Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 idapitirira pamenepo, pakuti inkalandira mphunzitsi pamodzi ndi mkazi wake, onse awiri naphunzitsidwa, poganiza kuti wokaongola mudzi ayenera kuyamba waongoka pakhomo pake. Njira imeneyi idatulutsa anthu okhulupirika amene mayina awo akumbukikabe. Koma idali yopapatiza, chifukwa amene sadabatizidwe, kapena amene adakhumudwitsa mmishoni kamodzi, analibe poyambira, ndipo wolemba ntchito ankalowerera ndi za m'nyumba zomwe zosamukhudza.

Njira inayo idali ya Wenela ndi Mthandizi, amene ankatenga amuna kunka nawo ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia. Iwowa sankafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Munthu ankavula malaya, nakwera pa sikelo, dokotala namumvera m'chifuwa ndi kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndipo akaoneka wamphamvu ankadinda chala pa pepala limene mwini wake sankatha kuliwerenga. Pamenepo kukondera kudalibe, inde, koma ndi ulemu womwe udalibe, pakuti chofunika chidali msana wokha. Ulendo umenewo udadukiza mu April 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown niipha Amalawi 74 obwerera kwawo, Dr Banda naletsa kulemba anthu a ku migodi. Ife a lero tayima pakati pa njira ziwirizi: tifuna kumudziwa munthu koposa m'mene Wenela ankamudziwira, koma osafufuza za kuchipinda kwake monga ankachitira amishoni.

Chiyambi cha kulemba bwino sichili pa munthu konse. Chili pa ntchitoyo. Mpongozi wa Mose, Yetero, pomulangiza kuti asankhe omuthandiza kuweruza milandu, adayamba watchula mtundu wa anthu ofunika, a luso, oopa Mulungu ndi odana ndi chiphuphu, dzina la munthu lisanatchulidwe ndi limodzi lomwe. Momwemonso mkulu wa sukulu kapena wa chipatala ayenera kukhala pansi ndi anzake nalemba kuti ntchitoyi ndi yotani, woigwira adzachita chiyani kuyambira m'mawa kufikira madzulo, adzamvera yani, adzalandira zingati, ndipo ndalamazo zidzachokera kuti. Funso lomalizali pa Malosa si lachibwana, chifukwa zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAM, ndipo malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatalazo amachokera ku boma. Wolemba munthu pa mpando umene sudavomerezedwe adzamusunga ndi malonjezo okhaokha mwezi ukatha. Zikalembedwa zimenezi mpamene tifunsa za maphunziro. Namwino ayenera kukhala m'kaundula wa bungwe la anamwino ndi azamba, pamenepo palibe kukambirana, pakuti ndi moyo wa anthu. Koma ndaona zolengeza zofuna mlonda kapena wosesa wa satifiketi ya MSCE, ndipo ndimadzifunsa kuti mbala yolumpha mpanda usiku idzaopa satifiketiyo kodi? Kukweza chotchinga popanda chifukwa kungopirikitsa bambo wokhulupirika amene adalekezera Sitandade 8, nikubweretsa mnyamata amene mtima wake uli kale ku Lilongwe, wongodikira kuti apeze pena.

Za kulengeza ndinena mwachidule. Akulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mpata umene wamveka kwa anthu asanu okha m'khonde la ofesi, pepala n'kudzamatidwa pa bolodi kutatsala tsiku limodzi kuti atseke, ndiye kuti udaperekedwa kale. Ntchito zazikulu zipite m'manyuzipepala a The Nation ndi The Daily Times. Zazing'ono zimatidwe pa chipata, pa msika ndi kwa mfumu, ziyendenso pa WhatsApp monga ziyendera nkhani zonse masiku ano. Ndipo tikumbukire kuti chigwa chino chili ndi Asilamu ambiri: cholengezedwa m'tchalitchi Lamulungu lokha sichifika kwa mnansi wopemphera Lachisanu. Cholengezacho chinene poyera kuti palibe cholipira, chifukwa akathyali achuluka amene aimba foni nadzitcha a ku ofesi, napempha kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuti dzina lilowe pa mndandanda. Komanso kuitana dziko lonse tsiku limodzi si chilungamo ayi: mu 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo udaitana ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo kuti angofika okha ku mayeso, chinamtindi cha achinyamata chidakhamukirako, ndipo ku Mzuzu anthu adapondana ena navulala. Makalata ayenera kuyamba asefedwa pa muyeso udalembedwa uja, kuti oitanidwa akhale ochepa amene angamvedwe modekha.

Tsiku la intavyu lili ndi maonekedwe ake amene aliyense wa kuno awadziwa. Mamawa, nkhungu isanachoke paphiri, achinyamata akhala kale pa benchi kunja kwa ofesi, aliyense atafumbata envulopu ya khaki m'mene muli makope a satifiketi ojambulitsa pa sitolo ya pamsewu, chiphaso cha unzika ndi kalata ya kwa abusa kapena kwa shehe. Wina wavala jekete yobwereka imene manja ake apitirira zala. Wina watsika pa kabaza napukuta fumbi la nsapato ndi tsamba. Mtsikana wina wasiya khanda kwa agogo ake ndipo maso ali pa dzuwa. Salankhulana kwambiri, koma aliyense aonetsetsa amene wapatsidwa moni wa dzina ndi kalaliki wotuluka m'katimo, pakuti moni umenewo kwa iwo ndiwo zotsatira za mayeso. Akamva kuti, "Aa, mwabwera? Kunyumba ali bwanji amayi?" mitima ya otsalawo igwa pomwepo, ngakhale kalalikiyo alibe mawu pa kusankha. Olemba ntchito sazindikira kawirikawiri kuti iwonso tsiku limenelo ali pa mayeso, ndi kuti owayesa ndi anthu a pa benchiwo, amene madzulo adzakafotokoza kumudzi zonse adaziona.

M'katimo musakhale munthu mmodzi, koma atatu kapena asanu, amuna ndi akazi, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wodziwa ntchitoyo ndi manja ake. Asanaitane woyamba, wapampando afunse ngati pali wina amene ali ndi mbale pa mndandanda. Amene ali naye anene, ndipo nthawi ya mbaleyo ikafika atuluke. Kutero si kudzichotsa ulemu, koma kudzitchinjiriza, ndi kumutchinjirizanso mbaleyo kuti akapambana asadzanenedwe. Mafunso akhale amodzimodzi kwa onse, aliyense wa ofunsawo alembe malikisi ake payekha asanamve maganizo a bwana, chifukwa mwa ife Amalawi, mkulu akayamba kunena kuti uyu ndiye wandikomera, ang'ono onse angoti zoonadi, zoonadi. Ndipo mafunsowo akhale a ntchito. Kufunsa wofuna kuphika kukhitchini ya sukulu dzina la nduna ya zachuma ndi kungoonetsa nzeru za wofunsayo. Mufunseni kuti ana mazana atatu adya ufa wochuluka bwanji pa mkomya umodzi, ndipo adzatani nkhuni zikanyowa.

Pano ndiyenera kukhalitsapo, pakuti mpamene ambiri tiphonya. Timakopeka ndi Chingerezi. Mnyamata wolankhula mosadodoma, tayi ili pakhosi, atigonjetsa tisanamuyese, pamene ntchito imene tikumulembera adzaigwira m'Chichewa ndi m'Chiyao, polankhula ndi gogo wodwala amene wachokera kuseri kwa phiri. Mneneri Samueli yemwe, atafika kwa Jese, adatsala pang'ono kudzoza mwana wamkulu chifukwa cha msinkhu ndi nkhope, pamene woyenerayo adali kubusa, wosaitanidwa n'komwe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala ake ndi amodzi: munthu aonetse ntchito. Dalaivala ayendetse galimoto pa msewu wokwera wa fumbi, abwerere chambuyo, asinthe tayala ofunsa akuona. Mphunzitsi apatsidwe choko ndi kalasi kwa mphindi makumi awiri. Kalaliki akhale pa kompyuta alembe kalata, aonkhetse ndalama za tsiku limodzi. Mmisiri apale thabwa. Theka la ola lotere liulula zimene maola atatu a mafunso sangaulule, ndipo liperekanso mpata kwa wamanyazi uja amene lilime limamulemera koma manja ake ndi anzeru.

Atapezeka wopambana, apo tsono kudziwana kulowe, ndipo kulowe ndi mphamvu zake zonse. Satifiketi itsimikizidwe, pakuti zachinyengo zilipo, ndipo ife a kuno tilibe chowiringula popeza likulu la bungwe la mayeso la MANEB lili pa Zomba pomwepa. Amene adamulembapo ntchito kale afunsidwe. Lamulo la ntchito la 2000 limati wochoka pa ntchito akapempha apatsidwe kalata yonena nthawi imene adagwira ndi mtundu wa ntchito yake, koma kalatayo siyenera kuweruza kagwiridwe kake pokhapokha mwini wake atafuna. Tsono wofuna kudziwa zoona asadalire pepala lokha, aimbe foni, kapena apite ndithu akaonane ndi mwini umboni. M'chigwa ngati chino munthu sabisika. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Amene adasowetsa ndalama za komiti ya mjigo kwawo adziwika, ndipo amene adasunga makiyi a sitolo ya wina zaka zambiri osasowa ndi singano yomwe adziwikanso. Koma wofunsa asamale kusiyanitsa umboni ndi miseche. Mboni yoona inena chimene idaona pa ntchito. Wamiseche anena za banja, za chipani ndi za ufiti.

Chovuta koposa sindinachitchule. Ndi mlongo wako amene afika madzulo, nakhala pa mkeka, nayamba ndi za mvula ndi za matenda, kenaka nati, "Achimwene, mphwanu uja chikhalire pakhomo chaka chachitatu chino. Inu ndinu malume ake. Akapanda kumuonera inu, amuonera ndani?" Mayi ameneyu si wakatangale. Akunena mwambo umene tonse tidakuliramo, wakuti mwini mbumba asamala ana a mlongo wake, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Amene sanakhalepo pa mpando wolemba anthu asafulumire kuweruza malume amene agonja pamenepa. Komabe ndinena kuti kugonjako ndi kulakwa, ndipo woyamba kupwetekeka ndi malume yemweyo. Mphwake akayamba kuchedwa ku ntchito sangathe kumudzudzula, pakuti mlandu wa ku ofesi udzakathera pa bwalo la kumudzi. Anzake a mnyamatayo aleka kulimbikira poona kuti chokweza munthu si thukuta. Ndipo tsiku limene malume adzapuma, mphwakeyo adzatsala pakati pa anthu amene akhala akumusungira mawu. Chimene malume angachite ndi dzanja loyera chilipo, ndipo si chaching'ono: amuuze mwanayo kuti mpata walengezedwa, amuthandize kulemba kalata ndi CV, amubwereke jekete, amulipirire ulendo, kenaka adzipatule pa kusankhako. Ndalama za m'thumba mwake ndi zake, angathe kuthandiza nazo mbumba yake monga afunira. Mpando wa pa chipatala kapena pa sukulu si wake.

Malamulo a dziko adanenapo kale pa zimenezi, ngakhale ambiri olemba ntchito sadawatsegulepo. Lamulo la 2000 lija liletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ndale, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena kukhala pabanja. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi lilamula kuti polemba anthu m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60, liletsanso khalidwe lonyansa lija lofuna thupi la mwana wamkazi ngati mtengo wa ntchito. Lamulo la 2018 la za HIV ndi Edzi liletsa kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe. Pa za chipembedzo, popeza nyumba zambiri za pa Malosa ndi za mpingo, maganizo anga ndi awa: wansembe, katekisiti ndi mlangizi wa zauzimu ayenera kukhala a chikhulupiriro cha eni nyumba, palibe angatsutse, koma woyeza magazi, woyendetsa galimoto ndi wosunga mabuku a ndalama ayesedwe pa luso ndi kukhulupirika, makamaka pamene malipiro awo achokera ku msonkho umene Mkhristu ndi Msilamu apereka mofanana.

Kusankha kukatha patsala pangano. Mwini munda wamphesa wa m'fanizo lija la m'Baibulo adayamba wapangana ndi antchito za malipiro a tsiku asanawatumize kumunda, ndipo madzulo kutabuka kung'ung'udza, panganolo ndilo lidathetsa mlandu. Koma Labani, amene ankasinthasintha malipiro a Yakobo, mphwake weniweni, adatsala yekha ndi mkwiyo. Lamulo lathu lifuna kuti wolemba anthu asanu kapena kuposerapo apatse wantchito aliyense kalata yonena malipiro, maola, tchuthi ndi zina zotero mwezi woyamba usanathe. Nthawi yoyeserera munthu waluso isapitirire miyezi khumi ndi iwiri. Ndipo chizolowezi chomulemba munthu pa kontilakiti ya miyezi itatuitatu chaka ndi chaka, pa ntchito imene ili yachikhalire, lamulo silichivomera: limamuwerengera munthuyo ngati wolembedwa mokhazikika, ndipo bwalo la milandu ya za ntchito lilipo lomumvera. Miyezi yoyesererayo si yongomuonerera munthu kuti agwe liti. Mlendo aonetsedwe ntchito, auzidwe polakwa pake kusanachedwe, amvedwenso, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Wina asaganize kuti nkhaniyi ndi ya mabwana a m'maofesi okha. Mphunzitsi wa pa sekondale wofuna mtsikana wolera mwana, namwino wofuna mnyamata wa kudimba, mwini chigayo pa Songani wofuna wothira chimanga, onsewa ndi olemba ntchito, ndipo mwa iwowa ndimo muchuluka kuponderezana kosaoneka. Atuma uthenga kumudzi kuti mutipezereko kamtsikana, kamtsikanako nkukhala ka zaka khumi ndi ziwiri kochotsedwa m'kalasi. Malipiro osatchulidwa, tsiku lopuma losatchulidwa, zonse zangophimbidwa ndi mawu akuti tizikhala naye ngati mwana wathu. Ngati ndi mwana wanu, mutumizeni kusukulu pamodzi ndi ana anu. Ngati ndi wantchito, akhale wamkulu, mupangane naye malipiro pamaso pa mboni, osachepera pa mlingo umene boma lidalengeza, ndipo mulembe m'kope tsiku lililonse limene mwamulipira.

Kwa inu amene musunga makiyi a makomo a ntchito, pa Malosa, pa Domasi ndi kwina konse, ndili ndi pempho limodzi lotsiriza, losafuna ndalama zambiri. Anthu aja adakhala pa benchi osasankhidwa, ayankheni. Ambiri a iwo adagulitsa nkhuku kapena kukongola kuti ajambulitse mapepala ndi kulipira kabaza, ndipo akhala miyezi akuthamangira foni ikalira, osadziwa kuti mnzawo adayamba kale ntchito. Uthenga wa mizere iwiri pa foni ukwanira: tathokoza kuti mudabwera, ulendo uno tasankha wina, mpata ukadzaonekanso mudzayesenso. Atumizireni sabata yomweyo imene mwasankha, ndipo amene afunsa pamene adaperewera, muuzeni zoona.